Kabokosi ka Yes ndi No kaja kamatetezadi kompyuta?

Naphiri_Machipisa

Moni abale anga nonse a muno, a kuno ku Harare ndi omwe muli kumudzi. Ndili ndi funso lomwe landizunguza mutu ndiye chonde odziwa za makompyuta musanditopere. Ndili ndi kashopu ku Machipisa kuno ku Highfield, timataipa makalata, ma CV, kupulinta, fotokope, zonsezo, komanso tili ndi makompyuta angapo oti kasitomala amakhalapo yekha kulemba zake. Ena amabwera ndi fulashi yawo, ena amadawuniloda zinthu zoti ine sindingazidziwe, ana asukulu ndiye osanena. Mwana wa achimwene anga amene akuphunzira za kompyuta anabwera kudzacheza, atangoona akuti azakhali apa aliyense wokhala pa mpando ali ndi mphamvu za administrator ndiye pulogalamu yoipa ikangolowa siyivutika olo pang'ono, komanso akuti ngakhale munthu ali pa akaunti wamba pali njira zomwe akathyali amakwerera mpaka kulamula kompyuta yonse, akuti privilege escalation. Ankalankhula uku akuthamangira kombi ndiye sindinatolepo zambiri.

Kodi Windows yo imadziteteza bwanji kuti pulogalamu isadzipatse yokha mphamvu? Kabokosi kaja kamatuluka sikirini n'kuda kufunsa Yes kapena No, kamagwiradi ntchito kapena kamangotitayitsa nthawi? Nanga omwe amati Linux ndi Mac sizilowa vayirasi akunena zoona? Ndikufunsa chifukwa mu kompyuta yanga ya pa kauntala muli makope a ziphaso za anthu, mapasipoti, makalata a ku banki, anthu amandikhulupirira ndipo sindikufuna tsiku lina zinthu za eni ake zipezeke m'manja mwa mbava.

Mbewe_Wokonza

Mayi Naphiri, mnyamatayo wakuuzani zoona. Ine ndimakonza malaputopu mu town cha ku Gulf Complex uko ndiye zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku kwa ine, ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Kompyuta siyiona anthu onse mofanana. Zili ngati nyumba ya maloja ku Mbare kapena ku Mufakose, loja ali ndi kiyi ya chipinda chake basi pomwe landilodi ali ndi makiyi a nyumba yonse mpaka a pa bokosi la magetsi. Mukalowa ndi pasiwedi yanu Windows imakupatsani chinthu chomwe amati token, mmenemo mwalembedwa kuti ndinu ndani, muli gulu liti ndipo mukuloledwa kuchita chani, ndiye pulogalamu iliyonse yomwe mwatsegula imatengera token yanu yomweyo. Fayilo iliyonse, foda iliyonse, ngakhale mu registry momwe Windows imasunga makonzedwe ake, zonse zili ndi mndandanda wa omwe aloledwa kuwerenga ndi omwe aloledwa kulemba. Munthu wa akaunti wamba sangalembe mu foda ya Windows kapena mu Program Files, sangaike driver (kapulogalamu koyendetsa zida ngati pulinta), sangazimitse antivirus, sangatsegule foda ya mnzake. Vayirasi yomwe iyeyo watsegula nayo siyingachite zimenezo, imathera pomwe iye amathera. Pamwamba pa administrator palinso akaunti ina yotchedwa SYSTEM yomwe ma service a Windows, mapulogalamu ake ogwira ntchito kuseri, amayendera, ndipo chomwe akathyali amafuna kwenikweni ndi kuchoka pa munthu wamba kufika pa administrator kapena pa SYSTEM.

Nthawi ya Windows XP pafupifupi aliyense ankakhala administrator tsiku lonse, ndi chifukwa chake mavayirasi a pa fulashi ankachita chilichonse chomwe afuna masiku amenewo, omwe munali ndi ma internet cafe mukukumbuka. Kabokosi mukunenako dzina lake ndi UAC, kanabwera ndi Windows Vista mu 2007. Mmene kamagwirira ntchito ndi chonchi, ngakhale muli administrator Windows imakupangirani ma token awiri, ina yodulidwa mphamvu yomwe mumayendera mukamataipa ndi kutsegula intaneti, ina yamphamvu zonse yomwe imasungidwa pambali. Pulogalamu ikafuna yamphamvuyo ndi pomwe kabokosi kamatuluka. Kuda kwa sikirini kuja sikokongoletsa ayi, kabokosiko kamaonetsedwa pa desktop ina yapadera yomwe mapulogalamu wamba sangafikeko, cholinga choti vayirasi isadine Yes yokha. Palinso magiredi, low, medium, high ndi system, pulogalamu ya giredi yotsika siyiloledwa kulemba pa zinthu za giredi yapamwamba kapena kutumiza ma click ku windo la pulogalamu yomwe yakwezedwa. Chrome ndi Edge zimaika masamba a intaneti pansi penipeni kuti tsamba loipa likabowola browser lipezeke lili m'kachipinda kopanda kanthu.

Koma tsopano apa mpomwe pali nkhani. A Microsoft eni ake amanena poyera kuti UAC si mpanda weniweni wachitetezo. Vista inkafunsa kwambiri anthu n'kudandaula, ndiye mu Windows 7 anafewetsa, analola kuti mapulogalamu ena a Windows yomweyo azikwera okha osafunsa. Akathyali anaona mwayi, amalemba kenakake mu registry ya munthuyo, gawo lomwe aliyense amaloledwa kulembamo, kenako n'kutsegula pulogalamu ngati fodhelper kapena eventvwr yomwe imakwera mwakachetechete n'kunyamula zawozo kupita nazo pamwamba, kabokosi osatuluka n'komwe. Izi zimatheka chifukwa token yamphamvu ija ilipo kale ikungodikira. Pa akaunti wamba palibe token yachiwiri yoti ibedwe, kabokosi kamafuna pasiwedi ya administrator, kudina Yes kokha sikukwanira. Ndiye yankho langa mayi ndi loti kabokosiko kamathandiza pang'ono pa akaunti ya administrator koma kamakhala ndi mano enieni pa akaunti wamba. Makasitomala apangireni Standard user lero lomwe, inunso pa kauntala muziyendera yawamba, ya administrator muziitulutsa pokhapokha mukuika pulogalamu. Ndipo kaslider ka UAC kakwezeni pamwamba penipeni pa Always notify.

Chisale_GlenView

Achimwene a Mbewe mwafotokoza bwino, ine ndiwonjezere za Linux poti ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito. Mayi, amene akukuuzani kuti Linux siyibowoka akukunamizani, ngakhale ine ndimaikonda. Chomwe ili nacho ndi chikhalidwe chabwino kuyambira kale, munthu sakhala root, yemwe ndi administrator wamkulu wa Linux, tsiku lonse. Pa Ubuntu, mtundu umodzi wa Linux, akaunti ya root imabwera yokhoma, ukafuna kuchita chachikulu umalemba sudo n'kuika pasiwedi yako, mphamvuzo zimapita ku lamulo limodzi lomwelo ndipo zimalembedwa mu log kuti wakutiwakuti anachita chakuti nthawi yakuti. Mapulogalamu ambiri timatenga mu repository, nkhokwe ya mapulogalamu yosainidwa ndi eni ake, osati kutolatola pa masamba achilendo. Ndipo poti mwatchula mafulashi, fulashi ikalowetsedwa Linux imaitsegula ndi lamulo la nosuid, kutanthauza kuti pulogalamu ya pa fulashiyo olo itadzilemba kuti ndine wa root palibe amene akuimvera.

Pofooka pake ndi mapulogalamu a setuid. Awa ndi mapulogalamu oti munthu wamba amawatsegula koma iwo amayenda ndi mphamvu za root, mwachitsanzo passwd yosinthira pasiwedi, chifukwa iyenera kulemba mu fayilo yomwe munthu wamba sangaikhudze. Mu pulogalamu yotere mukakhala kacholakwika kamodzi basi zatha. Mu January 2021 a kampani ya zachitetezo ya Qualys anapeza bowo mu sudo yeniyeniyo, yomwenso ndi ya setuid, analitcha Baron Samedit, linalimo kuyambira 2011. Chaka chotsatira anthu omwewo anapeza lina mu pulogalamu ina ya setuid yotchedwa pkexec, analitcha PwnKit, lomwe linakhalamo kuyambira 2009 ndipo munthu wamba aliyense ankatha kukhala root m'kanthawi kochepa. Mu kernel namo, mtima wa Linux, munali bowo lotchedwa Dirty COW, vuto lomwe linadziwika mu 2016 litakhalamo zaka 9. Ndiye taonani, code ili poyera aliyense atha kuiwerenga koma mabowo anagona zaka zonsezo.

Chifukwa cha zimenezi anaonjezera mipanda ina pamwamba, Ubuntu ili ndi AppArmor, Linux ina ya Fedora ili ndi SELinux yomwe inayambira ku NSA, bungwe la boma la America, izi zimatha kuuza pulogalamu mafayilo omwe ingakhudze ngakhale itakhala root. Palinso seccomp yomwe imachepetsa zomwe pulogalamu ingapemphe kwa kernel, ma browser amaigwiritsa ntchito kwambiri. Kwa makompyuta a makasitomala ongotaipa ndi kutsegula imelo ine ndikanaika Linux Mint osaganiza kawiri.

Naphiri_Machipisa

Zikomo kwambiri bambo Mbewe ndi achimwene a Chisale, tsopano ndayamba kumva. Ndifunsenso ziwiri. Makompyutawa ndinagula akale ndipo amene anandigulitsa anaikamo kapulogalamu koti Windows ndi Office zisamafunse layisensi, ananenanso kuti ndisamapange update chifukwa zimadya data komanso zimasokoneza kapulogalamuko. Data kuno mukuidziwa mtengo wake, kuonjezera magetsi othimathima update ili pakati. Kodi ndikapanga ma akaunti wamba aja update ikufunikabe? Chachiwiri pulinta yanga yaikulu ndi yakale, driver yake anachita kuisaka pa intaneti, kodi zimenezo zili ndi vuto?

Mdzukulu_MtPleasant

Azakhali ndiyankheko ine, ndine wophunzira ndipo nkhani ya kernel ndi yomwe ndimawerenga kwambiri. Update ikufunikabe, mwinanso ndi theka la nkhani yonse. Akaunti wamba imatseka chitseko cha kutsogolo koma amene amayang'anira malamulo onse omwe a Mbewe afotokoza ndi kernel, mtima wa Windows, ndipo ikakhala ndi cholakwika pulogalamu wamba itha kuipusitsa. Processor yeniyeniyo imagawa magawo, kernel ndi ma driver zimayenda pa ring 0 pomwe zimatha kukhudza memory yonse, mapulogalamu athu amayenda pa ring 3 ndipo chilichonse chachikulu amachita kupempha. Munthu akapeza bowo mu kernel amangokopera token ya SYSTEM n'kuimata pa pulogalamu yake, palibe kabokosi palibe pasiwedi.

Ndiye opanga Windows anaika zopinga zambiri kuti olo bowo lilipo kuligwiritsa ntchito kuvute. DEP inabwera ndi XP Service Pack 2 mu 2004, imaletsa kuti malo a memory osungira data ayendetse code. ASLR inabwera ndi Vista, imasinthasintha malo omwe zinthu zimakhala mu memory kuti wakubayo asadziwe polumphira. Ma processor atsopano ali ndi SMEP yoletsa kernel kuyendetsa code yomwe ili kumbali ya munthu wamba. Pa Windows ya 64-bit pali PatchGuard yomwe imayendera kernel nthawi ndi nthawi, ikapeza wina wasintha malo oletsedwa imagwetsa kompyuta dala ndi blue screen. Linux ndi Mac nazo zili ndi zambiri mwa izi m'mayina awo. Koma zonsezi zimangovutitsa wakubayo, bowo lenilenilo limatsekedwa ndi update, ndipo a Microsoft amatulutsa zawo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Choopsa ndi choti update ikangotuluka akathyali amaifufuza kuti aone chomwe chakonzedwa, ndiye amene sanapange update amakhala ndi bowo lomwe tsopano dziko lonse likulidziwa.

Za pulinta zandikhudza chifukwa shopu yanu ndi ya zomwezo. Print Spooler, service yomwe imatumiza ntchito ku pulinta, imayenda ngati SYSTEM. Mu 2021 kunabuka PrintNightmare, munthu wamba ankatha kuuza Spooler kuti ikweze driver yabodza ndipo code yakeyo inkayenda ndi mphamvu zonse. Atakonza anasinthanso lamulo kuti kuika driver ya pulinta kuzifuna administrator. Kompyuta yomwe update inazimitsidwa chaka chimenecho chisanafike bowo limenelo likadali pompo.

Driver yosaka pa intaneti ndi yoopsa kuposa pulogalamu wamba chifukwa yambiri imalowa mpaka mkati. Kuyambira Vista, Windows ya 64-bit imakana driver ya kernel yosasainidwa. Akathyali anapeza njira ziwiri zozembera, ina kuba siginecha ngati mmene vayirasi ya Stuxnet inachitira mu 2010 ndi ziphaso zobedwa za makampani a Realtek ndi JMicron, ina yomwe yafala masiku ano ndi kubweretsa driver yeniyeni yosainidwa bwinobwino koma yakale yokhala ndi bowo, n'kuigwiritsa ntchito ngati makwerero olowera mu kernel kukapha antivirus. Ndi chifukwa chake Windows 11 ili ndi mndandanda wa ma driver oletsedwa komanso Memory integrity, yomwe imaika mlonda wina kunja kwa kernel kudzera mu virtualization kuti olo kernel itagwidwa code yosasainidwa isayende. Muipeza mu Windows Security, Device security, Core isolation. Ikakana kuyaka imakuuzani driver yomwe ikuitsekereza. Ya pulintayo tengani pa tsamba la kampani yomwe inapanga pulintayo basi.

Kapulogalamu ka layisensi kaja ndiye ndinene mosabisa azakhali, kuti kagwire ntchito munthu amazimitsa antivirus n'kukapatsa mphamvu za administrator ndi dzanja lake. Apo sipafunikanso kukwera kulikonse, kanapatsidwa zonse tsiku loyamba ndipo palibe angakutsimikizireni chomwe kanabwera nacho.

Nabanda_Avondale

Achemwali a Naphiri, ine ndimapanga design pa Mac ndiye ndinenepo za mbali yathu mwachidule. A Apple anasankha kuchepetsa mphamvu za root yemweyo. Kuyambira El Capitan, system ya Mac yomwe inatuluka mu 2015, pali chitetezo chotchedwa SIP, olo uli root sungasinthe mafayilo a system, kuti uizimitse uyenera kuzimitsa kompyuta n'kulowa mu recovery uli pomwepo ndi manja ako. Ina yotsatira, Catalina, mu 2019 inaika system pa gawo lake lowerenga kokha, Big Sur mu 2020 inamata gawolo ndi siginecha moti likasinthidwa Mac imadziwa poyaka. Gatekeeper imaona ngati pulogalamu yodawuniloda yasainidwa, ndipo pulogalamu ikafuna kamera, maikolofoni kapena foda ya Documents iyenera kupempha payokha.

Koma nayonso inachitapo manyazi, mu November 2017 pa High Sierra munthu ankangolemba root pa dzina, pasiwedi osalemba kanthu, kudina kangapo n'kulowa. Anakonza msanga koma zinachitika. Ndipo zomwe ndikuona masiku ano kwa anzanga a design ndi zoti mbava sizivutikanso n'kubowola, munthu amadawuniloda pulogalamu yokuba ya zithunzi, iyo n'kutulutsa kabokosi kabodza kofanana ndi ka Mac kopempha pasiwedi, munthu n'kulemba yekha. Ine mtima umandiwawa chifukwa ena ataya ntchito za makasitomala mwanjira imeneyi. Komanso achemwali chinthu chimodzi chomwe abambowa sanatsindike, mapasipoti a anthu aja ali mu foda yanu, ndiye vayirasi yomwe mwatsegula inuyo pa akaunti yanu itha kuwawerenga ndi kuwatumiza popanda kukwera paliponse. Kompyuta ya pa kauntala isamalowetsedwe fulashi ya aliyense, ndipo makope a ziphaso muzifufuta ntchito ikatha.

Mbewe_Wokonza

Mayi Nabanda mfundo yomalizayo ndi yaikulu, ndikugwirizana nayo kwathunthu. Za Linux Mint achimwene a Chisale sindikutsutsa, pa makompyuta a makasitomala ingathetse nkhani ya layisensi yokuba nthawi imodzi, koma mayi ayambe ayesa pa imodzi chifukwa makasitomala a CV amafuna Word ndipo fayilo ikatsegulidwa mu LibreOffice, yomwe imalowa m'malo mwa Word pa Linux, nthawi zina mizere imasuntha, ndiye munthu akuthamangira intavyu sangakumvetseni. Pulinta yakaleyo muyesenso ngati ikugwira.

Mayi Naphiri onaninso kuti muli ndi Windows iti. Windows 7 inasiya kulandira update mu January 2020, Windows 10 thandizo lake lanthawi zonse linatha pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipu kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi processor yosakalamba kwambiri, makompyuta ambiri akale omwe amabwera kuno sakwanitsa. Yomwe ili ndi kapulogalamu ka layisensi ine sindingaikhulupirire olo antivirus itanena kuti ili bwino, sungani mafayilo anu kenako ifufutidwe yonse iikidwe mwatsopano, kuyambira ya pa kauntala. Imeneyo ndi yomwe ikuyenera layisensi yeniyeni ndi data ya update mwezi ndi mwezi, zinazo zitha kutsatira.

Pali zina ziwiri zomwe ndimaziona mu shopu. Pasiwedi ya administrator isakhale imodzi pa makompyuta onse, chifukwa munthu akagwira SYSTEM pa imodzi atha kutulutsa zinsinsi za ma akaunti mu memory ndi zida ngati Mimikatz n'kukayesa pa zinazo kudzera pa network yanu yomweyo, ndipo musamalembe pasiwediyo kasitomala akuyang'ana zala zanu. China ndi choti zonse takambazi zimagwira ntchito Windows ikayaka. Mwana wasukulu wochenjera atha kuzimitsa kompyuta, kuiyatsa kuchokera pa fulashi yake, kusintha kafayilo kamodzi ka pa sikirini yolowera ndipo ikayakanso ali ndi SYSTEM asanalembe pasiwedi iliyonse, ife okonza timachita zomwezo kasitomala akaiwala pasiwedi. Ndiye lowani mu BIOS, makonzedwe omwe mumalowamo Windows isanayake, muike pasiwedi, muletse kuyaka kuchokera pa USB, Secure Boot ikhale yoyaka, ndipo pa ya kauntala yatsani BitLocker ngati Windows yanu ndi Pro kuti olo wina atachotsa hard drive asawerenge kanthu. Recovery key yake mulembe pa pepala musunge kunyumba osati mu kompyuta momwemo. Mwana wa achimwene anu uja atha kukuchitirani zonsezi Loweruka limodzi, akakakamira pa BIOS alembe muno mtundu wa kompyutayo ndimuuza batani loti adine poyatsa.